Kuyeza liwiro la phokoso ndi khoma komanso timatabwa tiwiri

Buku la fizikisi limangotiuza kuti phokoso limathamanga mamita pafupifupi 343 pa sekondi imodzi mumpweya wotentha madigiri 20. Nambala yongoloweza ine siindikhalitsa m'mutu, ndiye ndimakonda kuipeza ndekha. Zida zake n'zochepa: tepi yoyezera, timatabwa tiwiri touma bwino, wotchi ya pa foni, ndi mnzanga woti aziigwira.

Ntchito yoyamba n'kupeza khoma lalitali, lalikulu, losalala, lokhala ndi bwalo kutsogolo kwake. Nyumba zikachuluka m'mbali, phokoso limabwerera kuchokera uku ndi uku, khutu n'kusokonezeka. Komanso musayandikire. Khutu limasiyanitsa maphokoso awiri pokhapokha atatalikirana ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi, ndipo m'kanthawi kameneko phokoso limakhala layenda mamita 34, kupita ndi kubwera. Choncho mukaima pafupi kuposa mamita 17, lobwereralo limangomizika m'loyambalo. Ine ndimayeza mamita 60 kuchokera pakhoma n'kuika mwala pamenepo.

Ndikaombanitsa timatabwa kuti khwa! pamadutsa kanthawi, kenako khoma limayankha kuti khwa, motsika pang'ono. Chachitika n'chakuti matabwa apanikiza mpweya umene uli pakati pawo, mpweyawo wakankha woyandikana nawo, winawo wakankhanso wina, mpaka kukafika pakhoma. Mpweya weniweniwo suchoka pano kupita kukhoma ayi, umangogwedezeka pamalo pake, monga mmene anthu a pamzere amachitira wakumbuyo akakankha: kukankhako kumafika kutsogolo koma aliyense ali pomwe anali. Chimene chikuyenda ndi funde. N'chifukwa chake kumene kulibe mpweya, ngati pamwezi, phokoso lilibe choyendamo, pamene kuwala kumadutsa bwinobwino.

Apa ndiye pagona nkhani. Ulendo wa mamita 120 phokoso limautha m'gawo limodzi mwa magawo atatu a sekondi, pamene chala cha munthu chimachedwa ndi masekondi pafupifupi 0.2 kuti chidine wotchi. Kuyeza kuomba kumodzi kokha n'kudzinamiza, chifukwa mukhala mukuyeza ulesi wa chala osati liwiro la phokoso.

Ndiye m'malo molimbana ndi chala, ntchito ndimaipereka kwa khutu. Ndimayamba kuomba mobwerezabwereza, pang'onopang'ono, ndikumvetsera: khwa, khwa, khwa, khwa, langa ndi la khoma mosinthana. Kenako ndimafulumiza pang'ono ndi pang'ono mpaka kuomba kwanga kuzigwera ndendende pamene lobwerera likufika. Zikagwirizana mumadziwa, chifukwa khoma limakhala ngati lasiya kuyankha. Pamenepo ndiye kuti nthawi ya pakati pa kuomba kuwiri ndi yofanana ndi nthawi ya ulendo wopita ndi kubwera. Gawo limeneli limafuna kuleza mtima, ndipo manja amatopa msanga, poti mukuomba pafupifupi katatu pa sekondi. Musayambe kuyeza mkono usanazolowere.

Ndikakhazikika ndimagwedeza mutu, mnzanga n'kudina wotchi pa kuomba kumodzi akunena kuti "ziro". Akatero amawerenga mpaka 20 n'kuimitsa. Kuyambira pa ziro n'kofunika, chifukwa tikuwerenga mipata ya pakati pa kuomba, osati kuombako. Akayambira pa 1 mipata imakhala 19, yankho n'kukwera popanda chifukwa.

Masamu ake ndi achidule. Tiyerekeze kuti wotchi yaonetsa masekondi 7.2. Mtunda wonse ndi mamita 120 kuchulukitsa ndi 20, omwe ndi mamita 2,400. Tikagawa ndi 7.2 tikupeza mamita 333 pa sekondi. Kuchedwa kwa chala kuja kudakalipo, koma tsopano kwagawanika pa mipata 20, ndiye sikukupweteka kwambiri. Bwerezani kangapo, musinthane ntchito ndi mnzanuyo, mutenge avereji.

Yankho likapanda kufika pa 343 musathamangire kufufuta. Liwiro la phokoso limasintha ndi kutentha kwa mpweya: pa madigiri 0 ndi mamita 331 pa sekondi, ndipo digiri iliyonse imawonjezera pafupifupi mamita 0.6. Tsiku lozizira ndi lotentha sangakupatseni nambala imodzi. Ngakhale wasayansi wotchuka Isaac Newton, atawerengera liwiroli ndi masamu, anapeza nambala yotsika ndithu poyerekeza ndi yeniyeni, mpaka wasayansi wa ku France, Laplace, anadzakonza masamuwo mu 1816. Mu lipoti lanu lembani kutentha kwa tsikulo ndi zimene mukuona kuti zasokoneza muyeso. Kwa ine, 333 yofotokozedwa bwino imaposa 343 yokopera m'buku.

Nambala ikapezeka imatsegula zina. Liwiro la funde ndi fulikwense (chiwerengero cha mafunde pa sekondi imodzi) kuchulukitsa ndi kutalika kwa fundelo. Foloko yochunira nyimbo (kachitsulo ka mphanda kamene kamalira kakamenyedwa) yolira pa 440 Hz, kutanthauza mafunde 440 pa sekondi, imatulutsa mafunde otalika masentimita pafupifupi 78, poti 343 kugawa ndi 440 ndi 0.78. Phokoso lotsikitsitsa limene khutu limamva, la 20 Hz, funde lake ndi mamita 17.

Tisanachoke pabwalo ndimamutuma mnzanga kuti apite kutali, mamita 300 kapena kuposa, akaombe kamodzi ine ndikuyang'ana. Matabwa amakumana kuli zii, phokoso n'kudzafika patapita pafupifupi sekondi yathunthu. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, ndiye pa mtunda ngati umenewu maso amaona nthawi yomweyo. Pa mvula ya mabingu mungachitenso chimodzimodzi muli m'nyumba: kukang'anima yambani kuwerenga masekondi mpaka bingu ligunde, mugawe ndi 3, mupeza makilomita amene mphenziyo yagwera.