Mmene ndinachiritsira thadzi lolumidwa ndi vumbwe

Unali usiku wa mwezi wa Okutobala, cha m'ma 2 koloko, pamene tinadzidzimuka ndi phokoso la nkhuku m'khola la kuseri kwa nyumba. Nditatuluka ndi tochi ya foni, ndinangoona mchira wa vumbwe ukuzimiririka pampanda wa udzu. Msoti umodzi unali utafa kale, ndipo pakona panali thadzi lathu lakuda la mtundu wa Mikolongwe, litagona chammbali, kukamwa kuli yasa, likupuma mofulumira. Mayi a kunyumba ataliona anati, "Bambo, ingolizingani lisanafe lokha, tipezepo ndiwo." Mawu amenewa sanali ankhanza, pakuti ndi mmene ambiri timachitira, ndipo nthawi zina amakhala olondola. Koma thadzi limeneli ndilo linkaikira mazira ambiri pakhomopo, choncho ndinapempha kuti tidikire kuche.

Usikuwo sindinalitsuke. Nkhuku imene yangopulumuka m'kamwa mwa chilombo imatha kufa ndi mantha ndi kuzizidwa ngakhale mabala ake ali ochepa, ndipo kuigwiragwira pa nthawi yotero n'kuiwonjezera mavuto. Ndinavala majumbo m'manja chifukwa nthenga zinali zonyowa ndi malovu a nyama yakutchire, ndinapanikiza kansalu koyera pamene pankatuluka magazi kwa mphindi zingapo mpaka anasiya, kenako ndinalikulunga m'chitenje chakale n'kuliika m'katoni. Pambali pake ndinaikapo botolo la madzi ofunda lokutidwa ndi nsanza. Thupi la nkhuku limatentha pafupifupi madigiri 41, kuposa la munthu, choncho ikataya magazi imazizidwa msanga ngakhale m'nyengo yotentha. Katoniyo ndinaiika m'chipinda chamdima, kutali ndi ana ndi mphaka.

Kutacha ndinapeza thadzi litakhala tsonga, maso akuphethira, ndipo apa m'pamene ndinayamba kulifufuza bwinobwino. Nthenga zakuda zimabisa magazi, moti ukaliyang'ana patali ukanati langothothoka nthenga pamsana basi. Ndinaliphimba kumutu ndi kansalu kopepuka kuti lidekhe, ndinaligoneka chammbali osati chagada, popeza nkhuku yogonekedwa chagada imavutika kupuma, ndipo ndinayamba kupatula nthenga ndi zala kuchokera kukhosi mpaka kumchira. Pamsana panali bala lalikulu, khungu litang'ambika motalika ngati chala chapakati, nyama ikuonekera. Komabe limene linandidetsa nkhawa si limeneli. Pansi pa phiko lamanzere ndi m'munsi mwa khosi ndinapeza timabowo tinayi ta mano, tating'ono ngati toboola ndi msomali, tosatuluka n'komwe magazi. Bala lotseguka limatsukika ndipo limauma, koma kabowo ka dzino kamatsekeka pamwamba majeremusi atatsala mkati, ndipo m'kamwa mwa nyama za mtundu wa mphaka mumakhala mabakiteriya otchedwa Pasteurella amene amatha kupha mbalame m'masiku ochepa chabe.

Chisankho chozinga kapena kuchiza chiyenera kupangidwa m'mawa woyamba womwewo, chifukwa ukangoyamba kuimwetsa mankhwala, nyama yake siyenera kudyedwa mpaka patapita masiku olembedwa papaketi, ndipo ikafa pakati pa chithandizo umakhala wataya zonse ziwiri, nkhuku ndi ndiwo. Ndinayang'ana ngati mimba yabooka, ngati chithokomiro chang'ambika n'kumatulutsa chakudya, ngati mpweya ukutulukira pabala likamapuma, ndiponso ngati miyendo ikugwira ntchito. Chimodzi mwa zimenezi chikadakhala choipa, ndikadatenga mpeni osazengereza, pakuti kusunga nkhuku yotero n'kungoitalikitsira ululu. Koma nditaliimiritsa linaponda ndi miyendo yonse iwiri, ndipo zala zake zinagwira chala changa mwamphamvu.

Ndinawiritsa theka la lita la madzi, ndinathiramo supuni ya tiyi imodzi ya mchere, n'kudikira kuti afunde. Ndi sizasi ndinadula nthenga zonse zozungulira mabala, osazizula, chifukwa kuzula kumang'amba khungu limene lavulala kale. Kenako ndinagwiritsa ntchito sirinji yopanda singano kupopera madzi amcherewo pabala lalikulu ndi pa kabowo kalikonse, mobwerezabwereza, mpaka dothi ndi tizidutswa ta nthenga zitatuluka. Ntchito imeneyi inatenga pafupifupi theka la ola, mwana wanga wamkulu atagwira mapiko. Nditapukuta ndi thonje, ndinapaka ayodini wosungunula ndi madzi mpaka kuoneka ngati tiyi wopepuka, ndipo pamwamba pa bala lalikulu ndinapakapo GV, amene kuwonjezera pa kuumitsa bala amabisa kufiira kumene kumakopa nkhuku zina. Sindinasoke khungulo. Bala la kulumidwa limakhala lakuda, ndipo kulitseka ndi ulusi n'kutsekera matenda mkati. Anansi amene anabwera kudzaona anapereka malangizo awo, wina phulusa, wina oyilo wakutha wa galimoto, koma ndinawathokoza n'kuzisiya, chifukwa zinthu zimenezi zimadetsa ndi kuwotcha nyama imene ikufunika kumera.

Masana ndinapalasa njinga kukaonana ndi alangizi a ziweto a m'dera lathu. Atamva za timabowo ta mano anati, "Bambo, apa musadalire kutsuka kokha," ndipo anandiuza kuti ndigule mankhwala opha mabakiteriya otchedwa oxytetracycline, a ufa wosungunula m'madzi akumwa, nditsate muyezo wolembedwa papaketi, ndimalize masiku onse ngakhale nkhuku itaoneka bwino, ndiponso mazira amene angaikiridwe m'masiku amenewo asadyedwe. Anandiletsanso kuipatsa makapisozi otsala a anthu, chizolowezi chimene ndivomereze kuti ndinali nacho.

Vuto linali lakuti thadzi silinkamwa lokha. Kutsegula mlomo wa nkhuku n'kuthiramo madzi n'koopsa, chifukwa khomo la njira ya mpweya lili kuseri kwa lilime, ndipo madzi akalowa m'menemo nkhuku imatsamwa kapena kudwala m'mapapo. Ine ndinkaviika nsonga ya mlomo m'kambale, n'kulisiya likweze mutu ndi kumeza lokha, ndipo ndinkachita zimenezi pafupifupi maola awiri aliwonse. Chakudya linayamba kutola tsiku lachiwiri madzulo, phala la mgaiwa lofewa losakaniza ndi dzira lophika, ndipo pambuyo pake ndinkawonjezera usipa wosinja ndi chiswe, popeza madeya okha sangamange nyama ndi nthenga zatsopano. Madzulo aliwonse ndinkakhudza chithokomiro kuti ndidziwe ngati ladya, m'mawa n'kukhudzanso kuti ndione ngati chaphwa, ndipo ndinkayang'ana zitosi panyuzipepala imene ndinkayala m'katoni.

Mdani wamkulu m'masiku amenewo anali ntchentche. Mu Okutobala ntchentche ikaikira mazira pabala, mphutsi zimatha kuoneka tsiku lisanathe, ndipo zimabisala pansi pa khungu lomasuka pamene diso silifika. Ndinaphimba katoni ndi neti yakale yong'ambika imene tinaleka kugonamo, koma tsiku lachitatu mphepo inaikankha kwa maola angapo ine kulibe, ndipo madzulo ndinapeza timazira toyera tounjikana m'mphepete mwa bala. Ndinatichotsa tonse ndi thonje lonyowa, ndinatsukanso ndi madzi amchere, ndipo kuchokera tsikulo ndinkamanga netiyo ndi chingwe. Uchi ndinaupakapo kamodzi kokha, popeza umathandiza pa zilonda, koma unaitana nyerere usiku womwewo ndipo ndinausiya.

Tsiku lachitatu lomwelo khungu lozungulira mabala linasanduka lobiriwira, ndipo mayi a kunyumba anati nkhuku yayamba kuwola. Nanenso ndinachita mantha, koma panalibe fungo loipa, panalibe kutupa kowonjezereka, ndipo thadzi linkadya kuposa dzulo lake. Magazi oundana pansi pa khungu la nkhuku amabiriwira akamasungunuka, ndipo mtunduwo unazimiririka pa sabata imodzi. Chimene chinafunadi chisamaliro chinali kabowo kamodzi ka pansi pa phiko, kamene kanatupa n'kuuma ngati nyemba. Mafinya a nkhuku sayenderera ngati a munthu, amakhala olimba, achikasu, choncho ndinafewetsa malowo ndi kansalu kofunda, ndinachotsa nkhanambo, n'kufinya pang'onopang'ono mpaka kachibuluma kanatuluka, kenako ndinatsuka ndi kupaka ayodini. Kwa sabata yoyamba ndinkatsuka mabala kawiri pa tsiku, ndipo pambuyo pake kamodzi.

Pofika sabata yachitatu bala la pamsana linali litafupika, khungu latsopano likumera kuchokera m'mbali, ndipo thadzi linayamba kulumpha kutuluka m'katoni. Apa ndinalakwitsa. Ndinalitulutsa pabwalo masana, ndipo pasanathe mphindi zisanu mathadzi anzake analizungulira n'kuyamba kujompha nkhanambo mpaka magazi anatulukanso. Nkhuku ikachoka pagulu kwa masabata angapo imabwerera ngati mlendo, ndipo ikakhala ndi chilonda zinzake sizichileka. Ndinalibweza, ndinapakanso GV, ndipo kwa masiku asanu ndinkaliika pabwalo pamthunzi litavindikiridwa ndi dengu lalikulu la mipata, kuti zinzake zizilionera kunja osalifikira. Nkhanambo itagwa yokha, ndinalilowetsa m'khola usiku zinzake zitagona, ndipo m'mawa panali kukankhana pang'ono chabe.

M'masiku amene thadzi linali m'nyumba ndinakonzanso khola, podziwa kuti vumbwe akalawa pamalo amabweranso. Ndinapeza kuti analowera pamene nsungwi ziwiri zinafumbwa pansi pa denga, pampata woti sindikadaganiza kuti nyama yaikulu chotero ingadutsepo. Ndinasintha nsungwizo, ndinakhoma waya wa timabowo tating'ono kuzungulira khola lonse, ndinaika loko pachitseko m'malo mwa kamtengo kamene tinkatsekera, ndipo ndinadula nthambi ya mango imene inkafika padenga.

Thadzi linakhala pafupifupi miyezi iwiri osaikira, zimene sizachilendo kwa nkhuku imene yavulala kwambiri. Linayambanso chapakati pa Disembala, mvula itagwa, masiku oletsedwa a mankhwala atadutsa kalekale. Pamsana pake patsala kamalo kopanda nthenga kofanana ndi ndalama yachitsulo, ndipo phiko lamanzere limalendewera pang'ono likamathamangira madeya.