Zithunzi 600 za chinkhoswe ndi nambala imodzi yokha

Chinkhoswe cha mwana wa achemwali anga chinachitika Loweruka. Pofika Lolemba m'mawa foni yanga inali itadzaza ndi funso limodzi: zithunzi zili kuti? Azakhali a ku Johannesburg ankafuna kuona mmene ankhoswe anapatsirana tambala ndi msoti. Ena ankafuna za perekaniperekani, amayi ali m'zitenje zofanana, ndalama zikugwera m'lichero. Ntchito yosonkhanitsa inagwera ine, poti pakhomo pathu ndine ndili ndi laputopu.

Zithunzizo zinachokera m'mafoni atatu ndi kamera imodzi ya mnyamata amene tinamulemba ganyu, zonse pamodzi zoposa 600. Nditaziika mu foda imodzi zinapitirira 3 GB. Za kamera zinali za ma pixel (timadontho timene timapanga chithunzi) 6000 m'litali ndi 4000 m'lifupi, za mafoni awiri 4000 ndi 3000, pomwe za foni yachitatu zinali zazing'ono chifukwa mwini wake anazitumiza pa WhatsApp, yomwe imafinya zithunzi isanazitumize. Zina zoimirira, zina zogona. Kuti ndizitumize mmene zinalili, bandulo yanga ikanatha ndisanafike pakati, ndipo olandirawo akanadandaula chimodzimodzi.

Anthu ambiri akamva zoti zithunzi zikhale zofanana kukula, amaganiza kuti zonse zikhale ndi nambala ziwiri zofanana, ya m'litali ndi ya m'lifupi. Inenso ndinkaganiza choncho, ndipo ndinaluza nazo chinthu chimene sichidzabweranso.

Zinali pa ukwati wa mng'ono wanga, zaka zingapo zapitazo. Ndinalemba 800 ndi 600 mu pulogalamu, ndikuchotsa kachizindikiro kosunga maonekedwe a chithunzi, poganiza kuti n'kamene kakulepheretsa kuti zonse zifanane. Zogona zinatuluka bwinobwino. Koma zoimirira zonse zinaphwatalala, anthu afupika, nkhope zatambasuka ngati munthu wadziyang'ana pa supuni. Choipitsitsa n'chakuti ndinauza pulogalamuyo kuti isunge zatsopano pamwamba pa zakale, ndipo memori kadi tinali titaipukuta kale. Pakati pa zithunzi zimenezo panali cha agogo aakazi ataimirira pakhomo la tchalitchi, atamanga duku lawo loyera. Chaka chotsatira anatisiya. Ndayeserapo kuchikoka kuti chibwerere mwakale, koma chithunzi chikachepetsedwa, zimene zatayikazo zapita. Nkhope yawo imaoneka, koma mosawala, ndipo makwinya amene ndinkawadziwa m'mphepete mwa maso awo mulibe. Mpaka lero ndikachitsegula mtima umandiwawa.

Choncho ulendo uno ndisanakhudze chilichonse ndinakopera zithunzi zonse pa fulashi, n'kuichotsa pa laputopu, n'kuiika m'dirowa. Kenako ndinapanga foda ina yopanda kanthu yoti zochepetsedwa zikagwere mmenemo.

Pulogalamu imene ndimagwiritsa ntchito ndi IrfanView. Ndi yakale ndithu, anailemba Irfan Skiljan ndipo inayamba kupezeka mu 1996, koma ndi yopepuka moti imayenda ngakhale pa kompyuta yotopa, komanso ndi yaulere ngati simukuchitira bizinesi. Mukaitsegula n'kudina B, pamabwera zenera la Batch conversion, losinthira zithunzi zambiri nthawi imodzi. Mumasankha zithunzi zonse, n'kuonetsa foda yoti zikasungidwe, kenako n'kulowa pa Advanced. Pamenepo ndi pamene pagona nkhani. Pansi pa Resize pali malo olembedwa Set long side to. Mumalemba nambala imodzi yokha, ya mbali yaitali, ndipo mbali inayo pulogalamu imawerengera yokha. Ine ndinalemba 1600.

Taonani zimene zimachitika. Chithunzi cha foni cha 4000 ndi 3000 chimasanduka 1600 ndi 1200. Cha kamera cha 6000 ndi 4000 chimasanduka 1600 ndi 1067. Choimirira chimakhalabe choimirira, 1600 ija imangopita m'mwamba. Nambala yachiwiri imasiyana, inde, koma mukamaziona pa foni chimodzi pambuyo pa chinzake zimaoneka za banja limodzi, ndipo palibe munthu wopindika. Kufanana kumene kumafunika n'kumeneku. Ma pixel 12 miliyoni atsika kufika pafupifupi 2 miliyoni, koma pa galasi la foni diso silidandaula.

Pali tizizindikiro titatu tofunika kuti tikhale tochongedwa. Preserve aspect ratio ndi kaja ndinachotsa pa ukwati uja. Use Resample function kamathandiza kuti m'mphepete mwa zinthu musaoneke mano ngati a sowo. Kachitatu ndi Don't enlarge smaller images, ndipo n'kamene kanapulumutsa zithunzi zazing'ono zija. Kukuza chithunzi chaching'ono sikuwonjezera kanthu, kumangofufumitsa phala ndi madzi. Ndi bwino chitsale chaching'ono koma chooneka.

Ubwino wa JPEG, mtundu wa failo imene zithunzizi zimasungidwamo, ndinauika pa 82 mwa 100. Ena amakonda 100 poopa kuwononga, koma failo imanenepa kwambiri pomwe kusiyana kwake n'kovuta kukuona. Mukatsika kwambiri, mitundu ya zitenje imayamba kuchita timabokosi, makamaka pofiira. Ndinayesa kaye pa zithunzi zisanu, chimodzi cha usiku, chimodzi cha padzuwa, china cha gulu lalikulu, n'kuziyang'anitsitsa ndisanalole zonse. Kumbukiraninso kuti JPEG imataya kenakake nthawi iliyonse mukaisintha n'kuisunganso, choncho mukafuna saizi ina bwererani ku zoyambirira, osati ku zochepetsedwa kale.

Pa zenera lomwelo ndinasinthanso mayina. Ndinalemba chinkhoswe_### ndipo zinatuluka chinkhoswe_001, chinkhoswe_002, mpaka kumapeto. Tsopano azakhali akati akufuna nambala 214, ndimadziwa chimene akunena. Ndinachotsanso EXIF, tinkhani tobisika timene foni imalemba m'kati mwa chithunzi, monga tsiku, mtundu wa foni, ndipo nthawi zina malo enieni amene chinajambulidwira. Chinkhoswecho chinali pakhomo pa achemwali, ndipo sindinafune kuti aliyense amene chithunzi chamufika adziwe pamene nyumba ili. Musanachotse, onetsetsani kuti zoimirira zatembenuzidwa kale, chifukwa mafoni ambiri amalemba mu EXIF momwemo mbali imene ili kumwamba.

Ntchito yonse inatha tiyi asanazizire. Foda yatsopano inali yosafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a yoyamba ija. Amene mulibe Windows, XnConvert imachita zomwezi pa Mac ndi Linux.

Zokatsukitsa ndi nkhani ina, ndipo apa mpamene ndinakhalitsa. Achemwali ankafuna 40 za mu alubamu, za saizi wamba ya masentimita 10 ndi 15. Kuti chithunzi chotere chituluke chakuthwa pamafunika ma pixel 1800 ndi 1200, ndiye ndinabwerera ku zoyambirira. Koma pepala limeneli maonekedwe ake ndi 3 kwa 2, ofanana ndi a kamera, pomwe mafoni ambiri amajambula 4 kwa 3. Chithunzi cha foni kuti chidzaze pepalalo chiyenera kutaya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 9 a mbali yake yaifupi. Makina akadula okha amadula mofanana uku ndi uku, osadziwa kuti m'mwambamo muli mutu wa munthu. Zimenezi sizichitika mwa chigulu. Ndinakhala usiku umodzi ndikudula chimodzichimodzi ndi manja anga, ndikusankha kutaya fumbi la pansi kusiyana ndi chipewa cha ankhoswe.

Chimene ndinachedwa nacho kwambiri ndi cha amayi athu akumuveka mdzukulu wawo chitenje, dzanja lawo lili paphewa pake. Dzanjalo linali m'mphepete penipeni, moti kudula kulikonse kukanalichotsa. Ndinawauza a ku studio kuti achitsuke chonse mmene chilili, ngakhale m'mbali mutsale mizere yoyera. Fulashi ija ikadali m'dirowa, ndipo ina yofanana nayo ndakaisiya kwa achemwali.