Maliro a pa WhatsApp akutipweteka ife a ku Joni

Anzathu ambiri kuno ku Joni makolo awo anaikidwa m'manda iwo akuonera pa foni. Video call ya pa WhatsApp, netiweki ikudukaduka, msuweni wagwira foni mopendeka moti ukungoona miyendo ya adzukulu ndi dothi lofiira, kenako data yatha. M'mawa mwake uli mu taxi kupita kuntchito ngati palibe chachitika. Kupita kumudzi nkosatheka, mapepala sali bwino, ukangodutsa pa Beitbridge kubwereranso ndi nkhani ina.

Ine ndimaona kuti mitu ya achinyamata ambiri ikusokonekera pamenepa. Kwathu maliro salira munthu mmodzi. Pasiwa azimayi amagona m'nyumba limodzi ndi anamfedwa, azibambo panja pamoto, kwaya ikuimba mpaka kucha, wina akulengeza chipepeso, ndipo ukamalira pamakhala wina wakugwira paphewa, palibe okuuza kuti tonthola msanga. Kenako kumabwera kumeta, abale nkukhala pansi kukambirana za ana otsala, mtima umayamba kuvomereza kuti munthu uja wapitadi. Mnyamata wa kuno zonsezi sazipeza, iye amangotumiza ndalama ya bokosi pa Mukuru basi, chisoni chonse nkutsala nacho yekha m'kachipinda ka lendi. Tulo osabwera, mowa tsiku ndi tsiku, kupsa mtima ndi zazing'ono zomwe, anzake nkumati aah ameneyu wayamba matama.

Sikuti mwambo uliwonse ndi wabwino ayi, zakulowa kufa ndi kusasa fumbi zavulaza amayi ndi atsikana ambiri, zimenezo zitheretu. Komanso munthu akafika poganiza zodzipha musachedwe naye, ameneyo ndi wa kuchipatala, kaya ku kiliniki kuno, kaya kumudzi ku Zomba Mental kapena St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Koma taonani ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Harare, agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi kumvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo zafalikira mpaka kumayiko ena. Ndi zomwe agogo athu ankachita pakhonde kalekale.

Ndiye abale, m'magulu athu a WhatsApp aja tisamangolemba RIP ndi kusonkha ma rand. Mnzathu akafedwa tipite kwawo konko tikagone naye olo pansi, tiphike nsima, tiimbe nyimbo zakwathu, ndipo pakatha mwezi wina amuimbire foni amufunse ngati akugona bwino.