Tsiku limene akhwangwala anandiitanira apolisi

Zonse zinayamba ndi homuweki ya mwana wanga wamkazi. Aphunzitsi a Chingerezi anawauza kuti alembe mayina a magulu a nyama, ndipo funso lachinayi linali la akhwangwala. Mwana anali atalemba kale "flock". Ine, poti bambo safuna kuoneka mbuli pamaso pa mwana wake, ndinalanda kope n'kumuuza kuti yankho lotero ndi la ana a mkaka, adikire ndimupezere la anthu ophunzira.

Usiku umenewo tulo sitinabwere msanga. Kwathu m'Chichewa nkhaniyi n'njosavuta. Ng'ombe zikachuluka timati msambi, anthu akachuluka timati khamu kapena chinamtindi, zotsala zonse timangoziponya m'gulu, basi tathana nazo. Angerezi ayi. Mikango kwa iwo ndi "pride", kutanthauza kunyada. Atsekwe akakhala pansi ndi "gaggle", mawu otsanzira phokoso lawo lija, koma akangouluka asanduka "skein". Akadzidzi ndi "parliament", nyumba ya malamulo yathunthu. Nditafika pa akhwangwala ndinaseka ndekha pabedi mpaka mayi a kunyumba anandigunda ndi chigongono. Gulu lawo akuti ndi "murder". Kupha munthu.

Ndinakumba mpaka kumizu. Mawu ambiri oterewa anabadwira m'masewera a anthu olemera a ku England zaka za m'ma 1400. Nthawi imeneyo ulenje unali chionetsero cha ulemerero, ndipo mnyamata wa kubanja lapamwamba akalakwitsa dzina la gulu la nyama ankasekedwa kuti ndi wosaleredwa. M'chaka cha 1486, m'tauni ya St Albans munasindikizidwa buku la ulenje, kusaka ndi mphamba komanso zizindikiro za mabanja olemekezeka, lomwe limadziwika kuti Book of Saint Albans. Gawo lake la ulenje akuti analemba ndi mayi wina dzina lake Juliana Berners. M'bukumo muli mndandanda wa mayina oposa 150, ndipo ukawerenga bwino umaona kuti wolembayo ankaseka chamumtima, chifukwa anaikamo ndi anthu omwe. Osoka nsapato akasonkhana akuti ndi "drunkship", uchidakwa. Masisitere ndi "superfluity", ndiye kuti achuluka mopyola muyezo. Za akhwangwala, ena amati dzinalo linabwera poti mbalamezi zinkaunjikana pa mitembo kumalo a nkhondo ndi pomwe ankanyongera anthu.

Ndinagona mutu utatupa ndi nzeru, ndipo nzeru zikatupa zimafuna potulukira.

Kutacha, Loweruka, ndinamva phokoso kuseri kwa nyumba. Kusuzumira pawindo, akhwangwala mbwee padzala, ena ali mumtengo akukalipirana. Ndinati Mulungu wandiyankha. Ndinawajambula chithunzi chooneka bwino, n'kutsegula gulu la WhatsApp la anthu a m'dera mwathu, n'kulemba kuti: "Anzanga, kuseri kwa nyumba yanga kuli murder. Bwerani mudzaone nokha." Ndinadina potumiza, n'kuponya foni pampando, ulendo wokasamba ndikuimba mluzu.

Chimene sindinaone n'chakuti uthenga unapita, koma bandulo inathera pomwepo. Chithunzi chinangotsala chikuzungulira.

Ndinatuluka m'bafa nditamanga thaulo, thovu la sopo lili m'khutu, n'kupeza pakhomo panga pali chinamtindi. Amayi ena manja ali kunkhongo, wina wayamba kale kulira. Alandilodi anafika atavala nsapato zosiyana. Mayi a kunyumba, omwe anali atapita kukagula zinthu, anathamanga njira yonse poganiza kuti wophedwayo ndine. Kumbuyo kwa onsewa kunali apolisi awiri. Akhwangwala aja, poona chikhamu chotere, anali atathawa onse, osasiya ngakhale nthenga ya umboni.

"Inu ndi amene mwalemba uthengawu?" anafunsa wapolisi wamkuluyo, atatulutsa kabuku.

"Ndine, bwana, koma..."

"Zachitikira pati?"

"Padzala apo, bwana. Kungoti auluka."

"Analipo angati?"

"Mwina khumi ndi asanu."

Mayi wolira uja anakweza mawu. Wapolisi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuthaulo.

Munthu wanzeru akanangoti pepani, ndimanena akhwangwala. Ine ndinaona kuti mwayi wophunzitsa anthu wapezeka. Ndinagwira thaulo ndi dzanja limodzi, linalo ndikuloza m'mwamba ngati mlaliki, n'kuyamba kufotokoza za alenje a ku England, za 1486, za Juliana Berners. Bwana uja ankalemba ndithu.

"Mayi Berners amenewa amakhala nyumba iti?"

"Anamwalira kalekale, bwana."

"Ndiye kuti ndi amene aphedwawo?"

Apa m'pamene thukuta linayamba kusakanikirana ndi sopo. Amene anandipulumutsa ndi mwana wanga. Anatuluka ndi kope lake, n'kulipereka ndi manja awiri, n'kunena mwaulemu kuti, "Adadi akunena mbalame. Ndi za homuweki yanga." Wapolisi wamng'onoyo anatembenukira kukhoma, mapewa ake akugwedezeka. Wamkuluyo anawerenga funso lachinayi pang'onopang'ono, anaona pamene ndinakhwatcha yankho la mwana ndi cholembera changa, kenako anatseka kabuku kake.

"Akulu, ine kusukulu anandiphunzitsa flock. Mwanayu analemba zoona. Tsiku lina mukadzaitana anthu chonchi, mudzakafotokozera mbiri yanuyo kupolisi, ndipo mudzavale kaye."

Chowawa n'chakuti bwanayo sankanama. Ngakhale akatswiri ofufuza za mbalame, pantchito yawo amangoti "flock". Mayina okometsera aja amakhala m'mabuku a mafunso ndi m'kamwa mwa anthu ofuna kudzionetsera, ndipo m'dera mwathu munthu woteroyo tsopano akudziwika nkhope.

Anthu anabalalika akuseka, ena akukwiya poti anasiya madzi pamoto. Madzulo nditagula bandulo, chithunzi chija chinafika m'gulumo mwaulemu wake, mochedwa ndi maola asanu ndi anayi. Alandilodi anayankha ndi mawu awiri okha: "Lendi, Lolemba." Kuyambira tsikulo ana a m'dera akandiona amalira ngati akhwangwala.

Sabata yotsatira mwana anabweranso ndi homuweki ina, ndipo funso loyamba linali la nsomba. Iye analemba "school", n'kufunsa amayi ake ngati nsomba zimaphunziradi. Ine yankho ndinali nalo. Mawuwo sagwirizana n'komwe ndi sukulu ya aphunzitsi, anachokera ku Chidatchi chakale, "schole", kutanthauza khamu. Ndinakonza kukhosi, ndinatsegula pakamwa. Mayi a kunyumba, osayang'ana n'komwe kumene ndinali, anatambasula dzanja n'kuchotsa foni yanga patebulo, n'kuiika m'thumba mwawo.