Zimene ndaphunzira pomangira Raspberry Pi Zero pulogalamu pa laputopu

Raspberry Pi Zero, kakompyuta kakang'ono ka pa bolodi limodzi, ili ndi purosesa ya core imodzi ndi RAM ya 512 MB yokha, choncho kumangirapo pulogalamu yaikulu ya C kumadya maola ambiri. N'chifukwa chake mwezi uno ndinaganiza zophunzira kumanga pulogalamuyo pa laputopu yanga ya x86-64, kenako n'kungoitumiza ku kabolodiko itatha kale.

Poyamba anandisokoneza ndi mawu atatu a configure (script yokonzekeretsa kumanga pulogalamu), omwe ndi build, host ndi target. Ine ndinkayesa kuti host ndi laputopu, popeza ndiyo ikugwira ntchito yonse, koma host ndi makina amene pulogalamuyo idzayendepo, build ndi makina omangirapo, ndipo target imafunika pokhapokha ngati chimene ukumangacho ndi compiler, pulogalamu yosandutsa code kukhala malangizo a makina. Zimenezi zinandilowa tsiku limodzi.

Chimene chinandivutitsa zenizeni chinabwera nditaika gcc-arm-linux-gnueabihf, compiler ya Debian (mtundu wa Linux) yomangira mapurosesa a ARM. Pulogalamu inamangika popanda dandaulo, lamulo la file linanena kuti ndi ELF (mtundu wa fayilo ya pulogalamu pa Linux) ya 32-bit ya ARM, ndipo ndinaitumiza ku Pi ndi lamulo la scp mtima uli m'malo. Nditaiyendetsa, pa sikirini panangotuluka mawu awiri: Illegal instruction. Madzulo awiri ndinawathera kusakasaka cholakwa mu code yanga, pomwe munalibe.

Nkhani yake ndi yakuti dzina loti armhf, limene limapatsidwa kwa mapulogalamu a ARM a 32-bit ngati ameneyu, silitanthauza chinthu chimodzi kulikonse. Pa armhf, Debian imamangira mapurosesa a ARMv7 kupita m'tsogolo, pamene chipu cha BCM2835 cha mu Pi Zero, chomwenso chinali mu Raspberry Pi yoyamba ya 2012, chili ndi ARM1176 ya ARMv6, imene sidziwa malangizo a Thumb-2. Ndinawonjezera -march=armv6 ndi -marm, koma sizinathandize, chifukwa tizidutswa monga crt1.o ndi libgcc, timene linker (pulogalamu yolumikiza zidutswa za code) imaphatikiza mwakachetechete, tinali titamangidwa kale mwa ARMv7. Chimene chimandinyansabe n'chakuti pa zonsezi panalibe chenjezo ngakhale limodzi.

Pamapeto pake ndinamanga toolchain (compiler ndi zida zinzake) yangayanga ya ARMv6 pogwiritsa ntchito crosstool-NG, ndinakopera mafoda a /lib ndi /usr kuchokera pa Pi kuti akhale sysroot, foda imene compiler imatengako malaibulale a Pi, ndipo ndinalozera PKG_CONFIG_SYSROOT_DIR komweko kuti pkg-config isatole malaibulale a laputopu. Tsopano ndisanatumize fayilo iliyonse ndimayamba ndayendetsa readelf -A, n'kuona ngati pa Tag_CPU_arch palembedwa v6.