Guluu wa kondowole

Buku la mbiri ya moyo wanga ndinalilemba zaka zitatu, m'makope a ana asukulu. Osindikiza a ku Lilongwe atanditchulira mtengo wake, ndinangoyamika n'kukakwera minibasi yobwerera kwathu ku Nkhotakota. Mumtima ndinati pajatu ndine wojambula, manja ndili nawo, mabuku 20 ndisoka ndekha.

Kusokako si nkhani. Buku la masamba 160 limadya mapepala 40 a A4, chifukwa pepala limodzi ukalipinda pakati limabala masamba 4. Umasanja mapepala anayi anayi n'kuwapindira limodzi, ndiye kuti mtolo uliwonse uli ndi masamba 16, mitolo yonse 10. Chovuta ndi kumvana ndi mnyamata wa pa kompyuta kuti tsamba 16 likhale pambali pa tsamba 1, kuseri kwake 2 ndi 15. Akaphonya pamenepo, owerenga amakupeza ukukwatira usanabadwe. Ukatero umaboola mabowo anayi pamzere wopindawo ndi msomali wonola, n'kusoka mtolo ndi mtolo ndi ulusi wolimba wopaka kandulo kuti usapotane.

Chikuto ndinachikonza ndi katoni wokutira nsalu yoyera, ndipo pa chilichonse ndinajambulapo mkuyu uja wa kuno ku Nkhotakota pomwe David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe, mfumu yogulitsa akapolo, mu 1863. Chinatsala ndi guluu. Wa m'sitolo ndi wodula, pomwe ufa wa kondowole m'nyumba muno sutha. Kapu imodzi ya ufa wosefa bwino, makapu asanu a madzi ozizira, kuvundula kaye mpaka mibulu ithe, kenako kutereka pa makala ochepa uku ukutakasa mphindi ngati khumi. Ukasiya kuyera n'kuyamba kuwala ngati mamina (pepani, fanizo lina ndilibe), wapsa. Umauzizitsa wovundikira kuti usachite chikhungwa pamwamba. Kuno kotentha suchedwa kusasa, choncho umaphika wa tsiku limenelo basi.

Ndinavundikira poto, ndinapita kumsika kukagula burashi. Pobwera ndinapeza malume atakhala pakhonde, akutsuka m'manja.

"Mphwanga," iwo anatero, "akazi ako achoka liti? Nsima yotereyi munthu ungamange nayo banja?"

Potoyo inali mbee. Pambali pake panali mbale ya usipa wa dzulo, nayonso mbee. Anamwa guluu wa mabuku 20 ndi chipande, usipa akutola ndi dzanja linalo. Sindinathe kuwauza, chifukwa mutu wachinayi wa bukulo umanena za iwo omwewo, mmene anamalizira mpasa wa pa chinkhoswe cha achemwali alendo asanakhale pansi.

Ufa unatsala theka la kapu. Apa m'pamene ndinadzipha ndekha: m'malo mokapempha kwa aneba, ndinathira madzi omwe aja makapu asanu. Guluu wamadzimadzi amalowerera m'katoni n'kumufufumitsa, ndipo nsalu ikamauma imakokera mbali yake. Mankhwala ake ndi kumata pepala kuseri kwa katoniyo nthawi yomweyo kuti mbali ziwirizo zikokane mofanana, kuika nyuzipepala pakati kuti imwe chinyezi, n'kutsendereza ndi njerwa pamthunzi tsiku lathunthu kapena awiri. Zonsezi ndimazidziwa. Koma njerwa ndinali nazo zinayi zokha, ndipo Loweruka ndinali nditaitana anthu kudzaona bukulo.

M'mawa mwake zikuto zinali zitapindika ngati mabwato. Ndinaganiza kuti dzuwa liwongola, lomwenso ndi bodza, dzuwa limaumitsa pamwamba pokha n'kuwonjeza kupindikako. Ndinayala mabuku 16 pamkeka kuseri kwa nyumba, pafupi ndi thandala pomwe amayi a pafupi amayanika makaka, n'kulowa m'nyumba kukalemba mawu oti ndikalankhule Loweruka.

Mbuzi za kuno zinakulira kuthamangitsidwa pa chinangwa. Tsiku limenelo zinapeza chinangwa chopanda mlonda. Nditamva ana akuseka ndinatuluka, n'kupeza mbuzi zisanu zili pa ntchito. Sizinkadya chisawawa ayi. Zinkayamba ndi msana wa buku, pomwe ndinapaka guluu wambiri, kenako n'kumasolola mitolo umodzi umodzi. Tonde wina anathawa ndi ubwana wanga wonse kukamwa, ulusi ukulendewera, ine pambuyo ndi mpini wa khasu mpaka kumchenga. Asodzi amene ankasoka chilimira anaimika ntchito, wina n'kufuula kuti, "Asiyeni awerenge, bwana!"

Anapulumuka ndi anayi aja a pansi pa njerwa. Ndinawaika pa shelefu, ndipo usiku womwewo mphemvu zinabwera kudzatenga gawo lawo. Zinanyambita nsalu m'mbali monse, mkuyu wa Livingstone n'kutsala ngati wagwa matenda. Buku lomatidwa ndi ufa malo ake ndi m'chidebe chotseka, ndipo chidebe changa chinali ndi mpunga.

Loweruka kunabwera anthu 11. Mabuku anayiwo anayenda m'manja, aliyense akuwanunkhiza kaye asanatsegule. Malume anatenga limodzi osalipira, nakhala nalo pansi pa mango mpaka dzuwa kupendeka. Nditaona kuti afika pa mutu wachinayi ndinayamba kuyang'ana njira yothawira.

Anatseka bukulo, nandikodola.

"Za mpasa zija wanama, unali umodzi wokha," anatero. "Koma ana andiuza za poto uja. Ukamadzaphikanso uzithirako mchere."