Zikomo nonse amene tidasenza limodzi thumba la kafukufuku

Nthawi yanga ya uwapampando wa komiti younika mapempho a ndalama za kafukufuku wa mbewu ndi ziweto yatha mwezi uno. Mafayilo ndasiya m'manja mwa amene andilowa m'malo, ndipo ndikulemba izi ndili kwathu kuno ku Bembeke. Oyenera kuthokozedwa ndi ambiri, ndipo ena mwa iwo maina awo sadzalembedwa pa lipoti lililonse, ndiye ndati ndiwathokozere pano poyera.

Ndiyamba ndi inu amene tidakukanani. Achibale akandifunsa za ntchito yanga ndinkati ndimathandiza kugawa ndalama za kafukufuku, koma makalata ambiri omwe ndidasainira anali okana. Pempho likafika timalitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti aliyense awerenge payekha n'kupereka malikisi. Kenako komiti imakhala pansi. Amene ali ndi mbale wake kapena mnzake wa kuntchito pa pempholo amatuluka kaye panja. Tikamaliza timandandalika mapempho onse kuyambira lopambana, n'kulemba mzere pomwe ndalama zathera. Pansi pa mzere umenewo pamatsala ntchito yabwino yambiri, yolembedwa ndi anthu amene adagona mochedwa miyezi ingapo. Zimapweteka, ndipo sindidazolowerepo.

Koma ambiri a inu simudataye mtima. Ndikukumbukira mayi wina wachitsikana, mphunzitsi wa pa koleji, amene ankafuna kufufuza za chiwawu cha kachewere m'maboma ambiri nthawi imodzi. Akatswiri adati ndalama zomwe wapempha sizingakwanire malo onsewo. Adandiimbira foni mawu akunjenjemera, koma sadanyoze munthu. Adangofunsa kuti, “Mayi, ndikonze pati?” Chaka chotsatira adabweranso atachepetsa malo, atasankha Dedza ndi Ntcheu basi, ndipo pempho lake lidadutsa. Inu achemwali, pamodzi ndi ena onse amene mudabweranso, mudalemekeza komiti yathu kuposa momwe mukuganizira.

Kwa akatswiri ounika, a ku Bunda, ku Chitedze, ku Bvumbwe, ku Makoka ndi ena a kunja: mudawerenga masamba ochuluka usiku, mutaweruka ku ntchito zanu, pa kangachepe kosayenera n'komwe kutchulidwa. Zikomo.

Tsono alimi. Apa ndiye pali mtima wanga. Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti chifunga chikakuta mapiri, mvula n'kumawaza masiku angapo kukuzizira, m'munda wa kachewere mumalowa chiwawu. Masamba amayamba mawanga akuda, kunsi kwake kumaoneka toyera ngati nkhungu, ndipo sabata isanathe munda wonse umakhala ngati wapsa ndi moto. Ndi matenda omwewa amene adagwetsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira mu 1845. Mlimi wathu amathamangira mankhwala opopera otchedwa Dithane, koma mtengo wake si wamasewera, komanso mvula ikagwa atangopopera mankhwalawo amatsukika. Vuto lina ndi la mbewu yobwereza. Nsabwe za m'masamba zimasamutsa tizilombo kuchoka pa phando lodwala kupita pa labwino, ndiye chaka ndi chaka mbatata imanka nichepa msinkhu ngakhale feteleza wathiridwa wokwanira.

Kuti mtundu watsopano wopirira matendawa ufike kwa mlimi pamadutsa zaka pafupifupi khumi, nthawi zina kuposa. Uyenera kuyesedwa ku malo a kafukufuku ngati a pano pa Bembeke, kenako m'minda ya anthu nyengo zingapo, boma lisanauvomereze. Minda ya anthu imeneyo ndi yanu, inu a kwa Kachere, kwa Kamenyagwaza, ku Tsangano. Mudapereka mizere yanu yabwino, podziwa kuti mitundu ina idzalephera ndipo pamenepo simukololapo kanthu. Ndidaona ndi maso anga agogo ena akuyenda mzere ndi mzere atanyamula timitengo m'chitenje, akuzika kamtengo pa phando lililonse lathanzi kuti mbewu adzatenge pomwepo pokha. Ofufuza atabwera ndi makope awo, agogowo adawauza kuti mtundu umene ukuoneka bwino m'mundamo ogula a pa Lizulu sadzaufuna, chifukwa ukakazingidwa tchipisi umamwa mafuta. Mawu amenewo adakafika mpaka pa tebulo la komiti, ndipo kuchokera pamenepo tidayamba kufunsa wopempha aliyense ngati wamvako maganizo a ogula ndi ophika. Agogo, Mulungu akusungeni. Mafumu amene mudatilandira ndi kutiitanira anthu, tikuombera m'manja.

Sindingaiwale alangizi ndi anyamata ndi atsikana a m'minda ya kafukufuku, amene amawerenga mapando odwala limodzi limodzi mame ali m'miyendo, n'kupima zokolola pa sikelo mpaka dzuwa kulowa. Manambala onse omwe akatswiri ofufuza amakaonetsa ku misonkhano amachokera m'makope anu onyowa aja.

Nyengo yomwe idatiyesa kwambiri ndi pomwe kwacha idagwa, poyamba ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mankhwala a mu labotale, zipangizo zoyezera tizilombo, zonsezi timagula kunja. Bajeti yomwe tidavomereza itakwana idapezeka kuti yaperewera ntchito ili pakati, ndipo mafuta a galimoto nawo ankasowa. Mbewu siidikira kuti mapepala ayende. Mukaphonya nyengo yobzala mwataya chaka chathunthu, ndipo wophunzira wa masitazi amene amadalira munda umenewo wataya chaka cha moyo wake. Tidakhala pansi ndi ofufuza mmodzi mmodzi kuona choti tidule ndi choti tisunge. Ena mudasiya maulendo a ku misonkhano ya kunja kuti ndalamazo zipite kumunda. Ena mudabwerekana firiji ndi makina pakati pa masukulu omwe kale ankapikisana. Ena mudakwera minibasi ndi kabaza kupita kukaona minda galimoto itaima. Palibe ntchito ngakhale imodzi ya nyengo imeneyo yomwe idafera panjira, ndipo ulemu wake ndi wanu.

A ku ofesi ya zachuma, ena ankakuonani ngati ovuta chifukwa chofunsa lisiti la chinthu chilichonse. Ine ndikukuthokozani chifukwa cha kuvuta komweko. Ndalama zimenezi ndi za msonkho, ndipo mwa ozipereka muli mayi wogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu wa M1, amene amadulidwa msonkho akamagula mayunitsi. Alembi athu ndi madalaivala, mudandisunga bwino.

Bambo a kunyumba, mudalera ana ine ndili m'misonkhano, ndipo achibale akabwera kudzapempha kuti ndiwalankhulire mwana wawo ku komiti, inuyo ndi amene munkawafotokozera mofatsa kuti sizitheka. Mudandichotsera katundu wolemera. Ana anga, azichemwali anga, amayi a ku Mphakati amene munkandipempherera, zikomo kwambiri.

Kwa amene mwatumiza mapempho a chaka chino, onse ali kale ndi wapampando watsopano ndipo adzaunikidwa mwa ndondomeko yomweyi, choncho mafunso anu apite ku ofesi. Achinyamata a kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu amene mukufuna kulemba pempho lanu loyamba, tsopano ndili ndi mpata komanso ufulu wokuthandizani. Bweretsani zomwe mwalemba tidzawerengere limodzi musanatumize.